Ndinasuta Makope a Mwana Wanga

Inu amene mwaima pazenera ngati mukungodutsa, ndakuonani. A Mhone, njinga mwaigwira ngati muli pa ulendo, koma tonse tikudziwa kuti kanjira aka kamathera pompano pasukulu. Lowani, mabenchi alipo. Mayi Nyirenda, aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha, andipempha kuti ndiyankhule kalasi isanayambe, ndipo ndavomera msanga chifukwa zaka zitatu zapitazo woima pazenera limenelo ndinali ine.

Ndine Labani Phiri, wa konkuno ku Liwaladzi. Ambiri mumanditchula bambo a Tadala. Ena mumandidziwa ndi dzina lina lija, Wandudu. Musazolike, ndinkalimva. Lero ndikuuzani momwe ndinatsala pang'ono kuthetsa sukulu ya mwana wanga wamkazi ndi manja angawa, uku ndikudziyesa bambo wosamala.

Sukulu ndinasiyira Sitandade 2. Palibe anandithamangitsa. Chaka chimenecho usipa unkafa wambiri, aliyense wopita kudoko ankabwerako ndi kanthu m'thumba. Ndinayang'ana nsapato za aphunzitsi athu, zongoyasama kutsogolo, ndinati sukulu ndi ya anthu oopa madzi. Ndinatuluka ndikudziwa kuimba a e i o u, koma mukanandilembera pansi sindikanawazindikira.

Zaka makumi atatu ndinabisa. Inu amene muli ngati ine mukudziwa mabisidwe ake. Pepala likabwera umati magalasi ndaiwala kunyumba. Ukapita kuchipatala umati maso anatha ndi nyali za panyanja. Uthenga ukalowa mufoni umapatsa mnzako n'kunena kuti tawerenga ndimve, manja anga ndi a mamba. Pawailesi akamaika masewero aja a munthu wakumudzi wosadziwa kuwerenga, wogwira kalata chadodolido, woseka kwambiri ndinali ine. Ndinkaseka mpaka kumenya ntchafu kuti wina asandiyang'ane.

Ntchito ndinkaidziwa, apo musandinyoze. Ndinakhala mlovi, msodzi waganyu, pa maboti a eni zaka zambiri, mkazi wanga Nabanda akuyanika usipa pathandala ndi kukazinga zitumbuwa. Tinadzimana mpaka tinagula boti lathu ndi injini yakale koma yamoyo. Tsiku lomwe ndinaimangirira kumbuyo kwa boti ndinayenda pamchenga ngati doko lonse ndi langa.

Injini ngati imeneyo imafuna oyilo wake wosakaniza ndi petulo. Ine oyiloyo ndinkamudziwa ndi botolo, lofiira, la chitsekerero chakuda. Tsiku lina ndili ku Dwangwa ndinalowa musitolo ina, ndinaona botolo lofiira, ndinaloza. Wogulitsa anali mtsikana waulemu ndithu.

"Bambo, mwawerenga bwino? Ndi omwewa mukufuna?"

Kumbuyo kwanga kunali anthu anayi, ena ovala mayunifolomu a kuntchito. Ndikanangoti mwana wanga tandiwerengera, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinakweza mawu kuti onse amve.

"Iwe, injini ndinayamba kuigwira usanabadwe. Kulunga."

Anakulunga. Pothira ndinaona kuti mafutawo ndi opyapyala, fungo lake lachilendo, ndinati ndi mtundu watsopano. Tsiku lachiwiri m'mawa tikubwerera kumtunda injini inatsokomola, inalira ngati zitsulo zikukhulana, kenako zii. Tinafika ndi nkhafi dzuwa lili pamutu. Makaniko ataitsegula anapempha botolo lija, analiyang'ana kamodzi kokha.

"Mdala, mwaimwetsa mafuta a mabuleki a galimoto. Apa m'katimu mwatheratu."

Kunyumba ndinakanena kuti andilodza. Nabanda anakhulupirira, anasiya kulankhulitsana ndi mayi wina woyandikana nafe amene sanalakwe kalikonse.

Kuchoka apo zinathamanga. Boti ndinagulitsa. Ndinabwerera ku ulovi, kulamulidwa ndi anthu amene ndinawaphunzitsa ine kuponya khoka la chilimira, ndipo mtima unakana. Ndinamva kuti kampani ina ikulemba alonda, ndinati ulonda ndi kungokhala ndi chibonga basi. Nditafika bwana wake anandipatsa buku kuti ndilembe dzina ndi nthawi yomwe ndafikira. Ndinati magalasi ndaiwala. Bwanayo anangoti pitani mukatenge, ndipo sindinabwererenso. Pobwera ndinakhotera kwa mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa minda ya chinangwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo miyendo yanga inkakhota yokha. Eni maboti anasiya kunditenga, chifukwa palibe amafuna munthu wodzandira pamadzi. Denga linayamba kudontha, ndinaikapo beseni. Nabanda anaonda ndikumuona.

Munthu wa mowa amafuna kanthu tsiku ndi tsiku, ndiye ndinayamba kabizinesi. Ndinkagula fodya wa chingambwe kwa alimi a ku Kanyenda, n'kumapichira ndudu zogulitsa kwa alovi kudoko. Vuto linali pepala. Nyuzipepala imawawa pakhosi, alovi ankadandaula. Pepala labwino ndi la kope la sukulu, limapichirika bwino, limayaka pang'onopang'ono.

Tadala nthawi imeneyo anali Sitandade 8. Mwana wachete, wamakani ngati ine. Makope ake ankawasunga mujumbo yaikulu yopachika kumtanda wa denga, kuopa chiswe ndi kudontha. Tsiku lina iye ali kusukulu ndinaitsitsa. Pamwamba panali makope atsopano, ena osalembamo. Pansi panali akale, mulu ndithu, odzaza malembo kuyambira chikuto mpaka chikuto.

Mvetsani bwino momwe ndinaganizira, chifukwa apa ndi pomwe pali nkhani yonse. Kwa ine pepala loyera ndilo linali chinthu, chifukwa ndilo timagula. Pepala lolembedwa linali lotha ntchito, ngati chitsononkho chimanga chitadyedwa. Ndiye ndinadziikira lamulo kuti loyera sindidzakhudza ngakhale limodzi, limenelo ndi la mwana. Ndinkang'amba olembedwa okhaokha. Zikuto n'zolimba, sizipichirika, ndiye ndinkazibwezera mujumbo momwemo. Pochita zimenezi ndinkadzitama mumtima kuti ngakhale ndine chidakwa, za sukulu ya mwana ndimazilemekeza.

Sindinkadziwa kuti kusukulu kwawo mabuku ndi ochepa ndipo amatsala komweko, aphunzitsi amalemba pabolodi ana n'kumakopera, moti buku la mwana ndi kope lakelo. Sindinkadziwanso kuti mayeso a Sitandade 8 amafunsa ndi za m'makalasi a m'mbuyo. Makope akale aja sanali otha. Tadala ankawasunga kuti adzawawerenge mayeso akayandikira. Zaka zitatu za dzanja lake ndinazidula tizidutswa, alovi anazisuta m'miyezi isanu.

Linali Loweruka m'mawa, kutatsala mwezi umodzi kuti alembe mayeso. Ndinakhala pambali pa thandala, ndudu zili m'chitini patsogolo panga, alovi asanu kapena asanu ndi mmodzi atazungulira, maboti atangofika. Ndinali nditalawako kale. Ndinaona Tadala akutsika pamchenga atanyamula jumbo ija. Sankathamanga. Anafika, anagwada monga amachitira masiku onse, anaika jumbo pansi. Kenako anatenga ndudu imodzi m'chitinimo, anaimasula pang'onopang'ono, fodya akugwera pamchenga. Anawongola kapepalako pabondo lake, anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ababa, awa ndi malembo anga."

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka, ndinayang'ananso anzanga kuti andithandize kuseka.

"Usadandaule, mwana wanga. Ndatenga otha okhaokha. Oyerawo sindinakhudze ngakhale limodzi, pita ukaone."

Palibe anaseka. A Mwase, amene akhala kutsogolo kunoku, anachotsa ndudu pakamwa, anaiyang'ana, anaizimitsa mumchenga. Tadala anandiyang'ana m'maso, chinthu chomwe anali asanachitepo.

"Oyerawo ndiye mukanatenga, ababa. Mulibe kanthu mmenemo."

Ndinamva mawuwo, koma anatenga nthawi kuti afike. Anatsegula jumbo, anatulutsa zikuto, chimodzi, chiwiri, mpaka mulu, zonse zopanda kanthu m'kati. Sanalire, sananditukwane. Anangondipatsa kapepala kaja.

"Tawerengani zimene mukugulitsazi."

Pakamwa panga panayamba pokha: "Magalasi ndai..."

"Magalasi mulibe, ababa. Ndinadziwa ndili Sitandade 3. Ndinkakupatsani lipoti, mumaligwira n'kunena kuti wakhoza, pomwe ndalephera masamu. Ndinkangokhala chete kuti musachite manyazi."

Anatola zikuto zake, anabwezera mujumbo, ananyamuka. Ine ndinatsala ndi kapepala m'manja pakati pa amuna anzanga. Abale anga, ndinamirapo ndi bwato nthawi ya mwera, ndinaikapo mayi anga m'manda, koma ululu wa tsiku limenelo unali wina. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti ndikubisa, pomwe mwana wa zaka zisanu ndi zinayi ndiye ankandibisa ine. Ndinatenga chitini chija, ndinakhuthulira ndudu zonse m'madzi. Kapepala kokhako ndinakaika m'thumba la malaya.

Kunyumba ndinapeza Nabanda atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo.

"Bambo a Tadala, injini munati anakulodzani. Nanga makopewa wakulodzani ndani?"

Ndinakhala pansi, ndinamuuza zonse, za botolo, za mtsikana wa musitolo, za buku la alonda. Mawa lake anapita yekha kukapepesa mayi woyandikana nafe uja.

Tadala mayeso analemba, koma dzina lake silinatuluke. Sanandinene. Anangouza mayi ake kuti sukulu yamukwana, ndipo mayi wina wa ku Dwangwa akufuna mtsikana wantchito za m'nyumba, adzabwera kudzamutenga mwezi ukatha. Ndinali kuseri kwa nyumba, ndinamva. Ndinaona njira yonse yomwe akulowera, chifukwa ndi yomwe ndinayenda ine: kanthu m'thumba lero, zaka makumi atatu za magalasi oiwalika. Ndinamupempha kuti abwereze kalasi. Anandiyankha mwaulemu, koma mawu ake anali ouma.

"Ndibwereze ndi chiyani, ababa? Ndi zikuto?"

Apa ndiye ndinayamba kuyenda. Choyamba ndinapita kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu ino, ndili bwinobwino osalawa kanthu. Ndinavula chipewa, ndinati mwana sanalephere, ndamulepheretsa ndine, ndipo ndinafotokoza momwe zinakhalira. Anati malo obwereza alipo ngati mwini wake afuna. Potuluka anandiuza kuti masana m'kalasi muno mumakhala sukulu ya kwacha.

Masiku atatu ndinaima pazenera limenelo. M'kati munali amayi okhaokha, ena oti ndinkawagulitsa usipa. Ndinkanamizira kuti ndikufuna munthu. Tsiku lachitatu Mayi Nyirenda anatuluka ndi choko m'manja.

"A Phiri, amene mukumufunayo ali m'katimu. Lowani mumudikirire pabenchi."

Amayi anaseka, ine thukuta kamukamu. Anaseka tsiku limenelo ndi lotsatira lake, lachitatu anatopa, wina anandibwereka pensulo. Kuseka kwa anthu kumatha msanga kuposa momwe timaopera.

Kenako ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo kwa ana amene anakhoza mayeso, kupempha makope awo akale. Ena anandikaniza, ndipo sindiwadandaula, ndani angabwereke kope kwa Wandudu? Bambo wina anandiuza pamaso kuti mukufuna mukasute. A Mwase ndiwo anandiperekeza ulendo wachiwiri n'kunena kuti ine ndikuikira umboni, likasowa tsamba limodzi mudzandigwire ine. Tinapeza makope asanu ndi awiri. Ndinagula ndowa yokhala ndi chivundikiro, ndinawaika mmenemo, ndinakaika pakhomo la chipinda cha Tadala. Sanaitsegule. Masiku ankapita, tsiku la mayi wa ku Dwangwa likuyandikira.

Kutatsala masiku anayi, madzulo dzuwa likadalipo, ndinakhala pakhonde ndi kope langa loyamba, ndikulimbana ndi dzina langa. Pensulo ndinaigwira ngati nkhafi, pepala linabooka kawiri. Sindinadziwe kuti Tadala waima kumbuyo kwanga mpaka anayankhula.

"Chilembo choyambacho mwachitembenuza. Chikuyang'ana kumene mwachokera."

Anagwada, anagwira dzanja langa, dzanja lomwe lija linang'amba makope ake, analiyendetsa kutsika kenako kumanja. Tinalemba kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anandisiya, ndinalemba ndekha. Kenako ananyamuka, ndinamva chivundikiro cha ndowa chikutseguka. Mawa lake anauza mayi ake kuti atumize uthenga ku Dwangwa kuti afune wina.

Musaganize kuti zinangoti myaa kuchokera pamenepo. Mowa sunandisiye chifukwa choti ndalira. Ndinasintha njira, ndinkazungulira kumsewu wa tala kuti ndisadutse kuminda ya chinangwa kuja, ulendo wotalika kawiri. Ndinagwa kawiri, kachiwiriko anakanditola ndi a Mwase, ndipo m'mawa mwake anandikokera kuno mutu ukuwawa. Ndinapita kwa mwini boti amene ndinamuphunzitsa ntchito ndine, ndinamutchula bwana, ndinapempha malo. Ndikapeza kanthu ndinkayamba kugula kope, zina pambuyo. Tadala ankakopera makope obwereka aja tsamba ndi tsamba, ine pambali pake ndi ba be bi bo bu wanga. Makope onse asanu ndi awiri ndinawabweza kwa eni ake athunthu, ndipo ndinkawauza kuti werengani masamba ndili pompano.

Chaka chotsatira dzina la Tadala linatuluka. Anandiwerengera ndi aphunzitsi aakulu, koma ndinawapempha pepalalo, ndinatsetsereka ndi chala mpaka ndinalipeza ndekha. Pano ali Fomu 2 kusekondale yoyendera, amapalasa njinga m'mawa uliwonse.

Ine sindinalemere, musandione malaya ochapawa. Injini sindinagulenso. Koma ndinabwerera kwa bwana wa alonda uja, anandipatsa buku lomwe lija, ndinalemba Labani Phiri ndi nthawi yake. Ndinachedwa kulemba, iye anadikira. Ntchito ndinaipeza, denga ndinafolera. Chingerezi sindichidziwa mpaka lero, botolo lija mutandipatsa ndikhoza kutchula zilembo zake koma osamva. Kusiyana kwake n'koti tsopano ndimatha kunena kuti tandiwerengerani. Mawu amenewo akanapulumutsa injini yanga, ndipo ndinawaphunzirira m'kalasi muno.

Ndimalize ndi kapepala kaja. Ndi aka, ndimakasunga m'kapulasitiki, kakununkhabe fodya. Ndinalumbira kuti sindidzapatsa munthu kuti andiwerengere. Ndinakhala nako miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lina masana nditatuluka muno ndinakhala pansi pa mtengo wa mango uwo, ndinakawongola pabondo, ndinayamba kulumikiza. Ndinkayesa ndipeza masamu kapena mayina a mitsinje. Koma kanachokera pa chimangirizo chomwe Tadala analemba ali Sitandade 6. Pali mizere iwiri yokha. Woyamba ndi dzina lake. Wachiwiri ukuti: "Ndikadzamaliza sukulu ndikufuna kudzakhala". Basi. Pamenepo ndi pomwe ndinang'ambira.

Ndinathamangira kunyumba ngati mwana. Ndinamupeza akutsuka mbale.

"Tadala, kudzakhala chiyani?"

Anayang'ana kapepalako, anayang'ana ine, anazindikira kuti ndawerenga ndekha. Anapukuta manja pachitenje.

"Mbali inayo munagulitsa, ababa. Dikirani mudzaone."

Ndiye ndikudikira, ndipo sindikudikira manja ali m'thumba. Fomu 3 ikubwera, Fomu 4 ikubwera, makope adzafunika ambiri, ndipo onse adzagulidwa ndi ine. Chimene chinalembedwa pa theka linalo wina anachisuta kudoko, mwina ali muno. Palibe kanthu. Mwini wake akuchilembanso, ndipo tsiku lomwe adzabwere nacho papepala, sindidzafuna magalasi, sindidzapatsa munthu. Ndidzawerenga ndekha, mokweza, ngakhale zinditengere tsiku lonse.

A Mhone, tsamiritsani njingayo pakhoma. Pensulo ndi iyi, ndakusongolerani kale.